Magauni ndi awiri: mmene mungasankhire sukulu ya uloya osawotcha ndalama

Mu Disembala wathayu mwana wa mlongo wanga anabwera kunyumba kwanga ku Lilongwe atapinda mapepala atatu m'kachikwama. Wangomaliza chaka choyamba ku yunivesite komwe akuphunzira zauphunzitsi, koma mtima wake uli ku uloya. Tinakhala pakhonde, iye n'kuyala mapepalawo pampando. Loyamba anachita kudula m'nyuzipepala, chidziwitso choitana ofuna kuphunzira zamalamulo ku Zomba. Lachiwiri linali kabuku konyezimira ka yunivesite ina yomwe si yaboma, pachikuto pali atsikana awiri akumwetulira atakumbatira mabuku. Lachitatu anasindikiza kuchokera pa intaneti, la maphunziro ochita uli kwanu konkuno koma digiri n'kuchokera ku Britain. Pafoni panalinso uthenga wa msuweni wake wa ku Joni, womuuza kuti angobwera, masukulu kumeneko ndi mbwee.

"Amalume, yabwino ndi iti pamenepa?"

Ndinamufunsa kuti akufuna adzakhale loya wotani. Anaseka. "Loya basi, amalume. Wa kukhoti."

Sindinamudabwe, chifukwa inenso ndinayankhapo choncho, ndipo yankho limenelo linandidyera zaka ziwiri ndi ng'ombe ya amayi anga. Nditalemba mayeso a MSCE sindinasankhidwe kupita ku yunivesite. Ndinapeza kakoleji kena m'tauni, pamwamba pa sitolo, kolonjeza dipuloma ya zamalamulo yomwe akuti ikanditsegulira njira ya digiri. Amayi anagulitsa ng'ombe, ine n'kuyamba kuloweza manotsi omwe mphunzitsi ankatiwerengera kuchokera m'buku limodzi lothothoka chikuto. Nditamaliza ndinanyamula pepala langa monyadira kupita nalo komwe ndinkafuna kupitiriza. Mayi amene anali pa desiki analitembenuza kawiri, n'kundibwezera mwaulemu ndithu. Anati sukulu imeneyi saidziwa. Ndinakwera minibasi yobwerera kwathu pepalalo lili m'envulopu pamiyendo, ndipo njira yonse ndinkangoganiza mmene ndikawauzire amayi. Uloya ndinadzaupeza ndithu, koma mozungulira, nditagwirako kaye ntchito yaukalaliki ndi kuyambiranso pachiyambi. Zimene ndinamuuza mtsikanayu pakhonde paja ndi zimene ndikulemba pano.

Chinthu choyamba chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti magauni ndi awiri. Pali gauni ya tsiku lolandira digiri, ija timajambulitsa nayo ndi agogo atavala chitenje chatsopano. Ndiye pali gauni yakuda ya kukhoti, imene munthu amavala akavomerezedwa ndi bwalo lalikulu kuti ayambe kuimira anthu pamilandu. Sukulu imakupatsani yoyambayo. Yachiwiriyo ili ndi alonda ake, ndipo sukulu siingakulonjezeni. Mukamasankha sukulu mukuyang'ana gauni yoyamba yokha, mukhoza kudzakhala ndi digiri yopachika pakhoma koma osaloledwa kutsegula pakamwa pamaso pa jaji.

Kuno kwathu alondawo ndi awa. Bungwe la National Council for Higher Education, lija timangoti NCHE, ndi limene limalembetsa ndi kuvomereza masukulu aukachenjede. Chenjerani apa: kuti sukulu ndi yolembetsedwa sizikutanthauza kuti maphunziro onse amene ikuphunzitsa ndi ovomerezeka. Amavomereza pulogalamu iliyonse payokha. Sukulu ikhoza kukhala yololedwa kuphunzitsa zamalonda, koma zamalamulo n'kukhala kuti yangoyamba dzana ndipo chilolezo sichinatuluke. Kuwonjezera apo pali lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act. Pansi pa lamuloli pali khonsolo yoyang'anira maphunziro a zamalamulo, komanso sukulu ya Malawi Institute of Legal Education, imene anthu amangoti MILE. Kumeneko n'kumene amapita anthu amene ali kale ndi digiri ya zamalamulo, makamaka ochokera m'mayunivesite omwe si aboma ndi akunja, kukaphunzira ntchito yeniyeni ya uloya ndi kulemba mayeso asanapemphe kuvomerezedwa. Kumalipiridwa fizi, kumatenga nthawi, ndipo mayeso ake si ongodutsa. Alipo amene amabwereza.

Choncho musanafunse kuti fizi ndi zingati, funsani funso ili, ndipo mulifunse kwa alondawo, osati kwa wogulitsa: ndikamaliza digiri ya pasukulu yakutiyakuti, chotsatira n'chiyani kuti ndivomerezedwe? Pitani nokha ku maofesi awo kapena lembani kalata, ndipo yankho likhale lolembedwa. Wa ku ofesi yolembetsa ophunzira akakuuzani kuti "zonse zili m'njira, chilolezo chituluka posachedwa", musakangane naye. Muthokozeni, muuzeni kuti mudzabwera chikadzatuluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine nyererezo ndinazilawa.

Tsopano za ndalama, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene mabanja amagwera m'dzenje.

Ndinamupatsa mtsikanayu kope ndi bolopeni, n'kumuuza kuti pa sukulu iliyonse alembe zonse zimene zidzatuluke m'thumba kuyambira lero mpaka tsiku lovala gauni yachiwiri ija. Anayamba ndi fizi, n'kuchulukitsa ndi 4, n'kundiyang'ana ngati wamaliza. Ndinamufunsa kuti azikagona kuti. Malo ogona pasukulu sakwanira aliyense, ambiri amachita lendi tizipinda kunja kwa mpanda, ndipo eni nyumba za pafupi ndi sukulu amadziwa kuti ophunzira alibe kothawira. Analemba. Azikadya chiyani? Analemba ufa, ndiwo, makala. Thiransipoti yobwera kumudzi pa holide? Laputopu? Mabandulo a intaneti? Fotokope? Apa anaseka, koma wophunzira zamalamulo amadya mapepala ngati chiswe. Zigamulo za makhoti zimakhala zazitali, ndipo ngakhale zambiri zikupezeka mwaulere pa MalawiLII masiku ano, kuwerenga masamba 80 pafoni yothetheka galasi magetsi atazima si masewera. Kenako suti yakuda ndi nsapato zopitira kokaphunzira ntchito. Kenako chaka cha ku MILE ngati digiri yake ikufuna kudzera kumeneko, ndi lendi yakenso, ndi ndalama yapadera yoti mwina angabwereze phunziro limodzi. Kenako ndalama zolembera pempho lovomerezedwa, gauni, kolala yoyera ija, ndi zolipira ku bungwe la maloya la Malawi Law Society kuti apeze laisensi, imene imakonzedwanso chaka ndi chaka.

Atawonkhetsa anakhala chete. Nambala ya pansi inali itasiyana kutali ndi ya m'kabuku konyezimira kaja.

Pali mzere wina umene anthu saulemba chifukwa suoneka: ndalama zimene ukanalandira ukanakhala pantchito. Mtsikanayu akapitiriza zauphunzitsi amaliza pakatha zaka 3. Akasamukira ku zamalamulo akuyambiranso zaka 4, mwinanso 5. Chaka chimodzi kapena ziwiri zosiyanazo ndi nthawi imene mayi ake, amene amalima mbatata ya kachewere ku Dedza, azidzapitiriza kutumiza ndalama m'malo molandira. Sindikunena kuti asapite. Ndikunena kuti mayi akewo adziwe, avomere akudziwa.

Fizi ya ku yunivesite yaboma ndi yotsika poyerekeza ndi ya masukulu omwe si aboma, chifukwa boma limathirapo. N'chifukwa chake khomo la ku Zomba ndi lopapatiza. University of Malawi, imene ambirife timangoti Chanco, ndiyo yaphunzitsa maloya ndi majaji ochuluka a dziko lino. Kwa zaka zambiri mwambo wake wakhala woti zamalamulo salowa munthu wongochoka ku Fomu 4. Amatenga amene achitako kale maphunziro ena a ku yunivesite n'kukhoza bwino, kapena amene ali kale ndi digiri kapena dipuloma yoyenera, ndipo ofuna malo amachuluka kuposa mipando. Zofunikira zake zimalembedwa m'chidziwitso cha chaka chimenecho, choncho werengani cha chaka chino, osati chimene anawerenga achimwene anu. Malangizo anga kwa amene thumba lake ndi lopyapyala ndi oti ayese kumeneko kaye, ndipo akalephera ulendo woyamba aganize zoyesanso asanathamangire kokwera mtengo. Chaka chimodzi chodikira uku ukupitiriza digiri ina n'chotchipa kuposa zaka 4 za fizi imene banja silingakwanitse.

Izi sizikutanthauza kuti masukulu omwe si aboma ndi achabe. Catholic University of Malawi, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, imaphunzitsa zamalamulo, ndipo alipo enanso. Kwa munthu amene ali pantchito kale, kapena amene banja lake lingathe kulipira osagulitsa munda, njira imeneyi ndi yabwino, bola afunse funso la alonda lija. Chimene ndimakana n'choti banja lilowe ndi ndalama ya semesita imodzi yokha n'kumati zinazo Mulungu adzaona. Ndaonapo ana akubwezedwa pakhomo la chipinda cholembera mayeso chifukwa cha fizi yotsala, chaka chachitatu, ndalama zambiri zitapita kale. Ameneyo ndiye wataya kwambiri kuposa amene sanayambe n'komwe.

Ngongole ya boma iliko, kudzera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Imathandiza ophunzira osowa a m'masukulu ovomerezeka, koma si aliyense wopempha amene amalandira, ndipo pa sukulu yodula siingakwirire zonse. Ndi ngongole, si mphatso. Mukayamba ntchito adzakupezani. Komabe ndi ngongole yaulemu. Imene ndikukuletsani ndi katapila, ndiponso kutenga ndalama ya banki m'khonde ya amayi anu kulipirira fizi. Ndalama zimenezo zimafuna kubwezedwa pakatha mwezi kapena miyezi ingapo, pamene digiri imayamba kubala pakatha zaka 5 kapena 6. Ziwirizi siziyendera limodzi.

Pepala lachitatu lija, la ku Britain, ndi limene linamukopa kwambiri. University of London yakhala ikupereka digiri ya zamalamulo kwa anthu ophunzira ali m'mayiko mwawo kuyambira kalekale, ndipo ndi digiri yolemekezeka. UNISA ya ku South Africa nayonso imaphunzitsa anthu ali kutali. Vuto si sukulu, vuto ndi ndalama imene mukulipirira. Fizi ikakhala ya mapaundi, madola kapena marandi, ndiye kuti mwamangirira tsogolo lanu ku mphamvu ya kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Munthu amene ankayenera kulipira madola 1,000 anagona akufunika K1,180,000 n'kudzuka akufunika K1,700,000, malipiro ake a pamwezi ali pomwepo. Ndipo imeneyo ndi mitengo ya kubanki, komwe ndalama zakunjazo nthawi zambiri umachita kuzidikira pamzere. Tsiku lomaliza kulembetsa mayeso silidikira kuti banki ikupezereni mapaundi. Ngati muli ndi m'bale kunja amene walonjeza kulipira mwachindunji m'ndalama za kumeneko, ndipo ndi munthu wosunga mawu ake, njirayi ndi yotheka. Ngati mukudalira malipiro a makwacha, werengani ngati kuti fizi idzakwera kawiri musanamalize, muone ngati mungapirire.

Palinso china pa digiri yakunja. Mudzaphunzira malamulo a dziko la eni, ndipo pobwera kuno mudzayenera kuphunzira athu: malamulo oyendetsera dziko a mu 1994, malamulo a malo, a ukwati, a chuma cha masiye, ndi kayendetsedwe ka milandu m'makhoti mwathu. Wophunzira za ku England savutika kwambiri, chifukwa malamulo athu ambiri mizu yake ili komweko kuyambira nthawi ya atsamunda. Wa ku Zambia chimodzimodzi. Koma South Africa ndi Zimbabwe maziko awo ndi ena, amene amawatcha Roman-Dutch, ndipo pa nkhani ngati za mapangano ndi za katundu kaganizidwe kake kamasiyana ndi kathu.

Za msuweni wa ku Joni uja ndinamuuza mosabisa. Masukulu abwino aliko, Wits, Cape Town, Pretoria ndi ena, ndipo digiri yake ndi ya zaka 4. Koma ukamaliza umayenera kugwira ntchito pansi pa loya wamkulu ndi kulemba mayeso ena, ndipo lamulo lawo la Legal Practice Act la mu 2014 limati wovomerezedwa akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Ophunzira ena akunja analitsutsa lamuloli, koma mu 2022 khoti lawo loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti likhale momwemo. Ndiye mwana wa ku Dedza wopita ndi chiphaso cha sukulu akhoza kulipira marandi zaka zonsezo n'kupeza kuti gauni yachiwiri kumeneko sangavale, ndipo kuno akuyenera kudzayamba njira ya ku MILE. Kwa ana a abale athu amene anabadwira kapena kukhazikika komweko nkhani ndi ina, iwowo aphunzire konko. Ku Zambia nako, ukamaliza digiri ku University of Zambia kapena kwina, umadzera ku ZIALE, sukulu yawo yofanana ndi MILE, ndipo aliyense wa ku Chipata kapena ku Lusaka adzakuuzani mbiri ya mayeso a kumeneko, mmene amagwetsera anthu. Ku England njira ndi ziwiri: ofuna kukhala solicitor, loya wolangiza anthu ndi kukonza zikalata, kuyambira mu 2021 amalemba mayeso a SQE ndi kugwira ntchito zaka ziwiri, pamene ofuna kukhala barrister, loya woima m'khoti, amalowa m'limodzi la mabungwe anayi akale aja a ku London, monga Lincoln's Inn kumene anadzera Orton Chirwa. Za ku America sindinataye nazo nthawi: kumeneko zamalamulo umayamba uli kale ndi digiri ina, zaka 3, ndipo mtengo wake si wa mlimi wa kachewere.

Tiyi atabwera tinabwerera ku funso langa loyamba lija, loti loya wotani, chifukwa ndi limene limauza munthu kuchuluka kwa ngongole imene angasenze.

Maloya si onse amene amayendera magalimoto akuluakulu. Ambiri timayambira m'boma: ku ofesi ya Attorney General, kwa mkulu wozenga milandu, ku Legal Aid Bureau kumene amaimira anthu osauka, ku Anti-Corruption Bureau, kapena kukhala majisitireti. Ntchito zimenezi zimaphunzitsa msanga. Loya wachinyamata wa ku Legal Aid amatha kugwira mlandu wakupha anzake a m'makampani akuluakulu akadali onyamulira mabwana mafayilo. Koma malipiro ndi a m'boma. Ngati mtima wanu uli kumeneko, kapena mukufuna kudzakhala jaji tsiku lina, sankhani njira yotchipa kwambiri mwa njira zovomerezeka, ndipo ikhale yophunzitsa malamulo a kuno. Munthu wa ngongole yaikulu sasankha ntchito, ngongole ndi imene imamusankhira. Ndikudziwa anzanga amene ankafunitsitsa kuthandiza amayi olandidwa katundu amuna awo akamwalira, koma lero akulemba makalata olonjerera ngongole za mabanki chifukwa n'kumene kuli ndalama yobwezera zawo.

Ngati mukufuna za makampani, mabanki, inshuwalansi, misonkho, migodi, zimene milandu yake imakathera ku nthambi ya zamalonda ya High Court, ndiye yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, kodi sukuluyo imaphunzitsadi maphunziro amenewa, ndipo amawaphunzitsa ndani? Chachiwiri, ophunzira ake amapita kuti pa holide? Ntchito za mtundu uwu zili ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo kawirikawiri amalemba munthu amene anamuonapo kale akuthandiza mu ofesi mwawo. Dziko lathu ndi laling'ono, maloya timadziwana. Anzanu a m'kalasi ndi amene adzakutumizireni ntchito zaka 10 zikubwerazo, ndipo uku ndi kufooka kwina kwa maphunziro a pawekha kunyumba: umakhoza mayeso koma sudziwa munthu. Amene ali kale ndi digiri ya zowerengera ndalama kapena zachuma ali ndi mwayi pano kuposa mmene amadziwira.

Amene amalota za mabungwe akunja, za ufulu wa anthu, za United Nations kapena African Union, ndimawauza kuti asawononge chuma pa digiri yoyamba. Chitani yoyamba kuno motchipa, mukhoze bwino kwambiri, mugwire ntchito zaka ziwiri kapena zitatu, kenako mufunefune thandizo la digiri yachiwiri. Thandizo la maphunziro lochuluka lili pa digiri yachiwiri, osati yoyamba. Chevening imalipirira chaka chimodzi ku Britain kwa amene agwirako kale ntchito, Commonwealth nayo ili ndi zake, ndipo ku University of Pretoria kuli digiri yachiwiri ya za ufulu wa anthu mu Africa imene Amalawi angapo adutsamo. Dzina la sukulu yakunja limene mukulifunalo mudzalipeza pamenepo, wina akulipira.

Ndipo pali ena amene, ukawamvetsera bwino, safuna uloya weniweni. Akufuna kuthandiza anthu pa nkhani za malamulo. Amenewo dipuloma yovomerezeka ingawakwanire, poyamba. Ku Staff Development Institute ku Mpemba kwadutsa anthu ambiri ogwira ntchito m'makhoti, ndipo si majisitireti onse m'dziko muno amene ali ndi digiri. Bungwe la Paralegal Advisory Service Institute (PASI) lakhala likutumiza athandizi a zamalamulo m'ndende ndi m'mapolisi kukafotokozera anthu za belo ndi za ufulu wawo, ndipo munthu amene wakhala pa rimandi miyezi yambiri osaonana ndi loya amawadziwa bwino kufunika kwawo. Njira imeneyi imakulolani kuyamba kulandira msanga ndi kudzionera nokha ngati ntchitoyi mukuikondadi. Koma musaiwale nkhani ya ng'ombe ija: funsani kaye ku yunivesite imene mukufuna kudzapitiriza ngati dipulomayo amailandira.

Masukulu akatsala awiri, siyani mapepala mupite mukaone ndi maso. Osapita tsiku limene akonzera alendo, pitani Lachitatu wamba. Lowani mu laibulale mufunse pamene pali Malawi Law Reports ndi mabuku a Laws of Malawi. Ngati woyang'anira akudabwa kuti mukunena chiyani, mwapeza yankho. Tsegulani buku limodzi la malamulo a umboni kapena a malo muone chaka chimene linasindikizidwa. Funsani wophunzira wa chaka chachitatu, osati wa chaka choyamba amene akadali wosangalala, kuti aphunzitsi okhazikika ndi angati ndipo ongobwera madzulo akaweruka kuntchito kwawo ndi angati. Loya wogwira ntchito amaphunzitsa zokoma, zochokera m'khoti momwe, koma mlandu wake ukasunthidwa kupita ku Mzuzu kalasi yanu ndi imene imafa. Funsani ngati zotsatira za mayeso zimatuluka pa nthawi yake. Funsani ngati ali ndi makhoti oyeserera, kumene ophunzira amatsutsana pamaso pa oweruza, komanso ngati ali ndi kaofesi kamene ophunzira amathandiziramo anthu enieni pa nkhani za malamulo. Ndipo funsani mayina a anthu atatu amene anamaliza pamenepo ndipo lero ali ndi laisensi. Sukulu imene ili nawo imawatchula mosachedwa, monyadira. Apezeni, muwafunse kuti kuchokera tsiku la digiri kufika tsiku lovomerezedwa panadutsa nthawi yaitali bwanji.

Chinthu chomaliza chimene ndinamuuza sichifuna fizi. Makhoti ambiri ndi otsegukira aliyense. Ndinamuuza kuti asanasiye zauphunzitsi akakhale sabata yathunthu kumbuyo m'bwalo la majisitireti, kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

Anapita. Lolemba anabwera atakhumudwa, akuti milandu isanu inangosunthidwa, umodzi chifukwa mboni sinabwere, wina chifukwa galimoto yonyamula akaidi inalibe mafuta. Lachiwiri anati benchi ndi yolimba ndipo womasulira amalankhula motsitsa. Lachinayi analowa m'nyumba osavula n'komwe nsapato, akundifotokozera za mnyamata wina woganiziridwa kuba njinga, amene anafunsidwa ngati ali ndi funso kwa mboni, iye n'kuyamba kupepesa m'malo mofunsa, chifukwa panalibe womuuza kusiyana kwake.

"Amalume, munthu uja akanangofunsa kuti njingayo anaiona nthawi yanji, usiku kapena masana. Funso limodzi lokha."

Kabuku konyezimira kaja ndi pepala la ku Britain anazisiya pa tebulo langa, zikadali pomwepo pansi pa rimoti. Ananyamula chodula m'nyuzipepala chija ndi kope la masamu ake, n'kukwera basi ya ku Dedza Loweruka m'mawa kukawawerengera mayi ake nambala ya pansi ija. Akuti akalephera ku Zomba chaka chino amaliza kaye zauphunzitsi, adzayesenso ali ndi digiri m'manja ndi malipiro akeake. Mlongo wanga anandiimbira usiku womwewo kundifunsa ngati zaka zisanuzo ndi zoona kapena ndimangomuopseza mwanayo. Ndinawauza kuti ndi zoona, ndipo laputopu ndigula ine.